Liu la "Boy": Kumene Linachokera ndi Kumene Lafika

Mwa mau onse a Chingerezi amene mwana amaphunzira m'kalasi yoyamba, liu la "boy" limakhala pakati pa oyambirira ndithu. Ndi lalifupi, malembo ake ndi atatu okha, ndipo chithunzi chake sichibvuta kujambula. Mphunzitsi alemba "boy" kumanzere kwa bolodi, nalemba "mnyamata" kumanja kwake. Ana abwereza katatu, ndipo onse ayesa kuti nchito yatha. Kaphunzitsidwe aka ka mau awiriawiri kali ndi ubwino wake, pakuti mwana wamng'ono sangasenze katundu yense tsiku limodzi. Koma kali ndi bvuto limene mphunzitsi ayenera kulidziwa: kamachititsa ana, ndi aphunzitsi omwe, kukhulupirira kuti liu liri ngati ndalama, imene mtengo wake uli umodzimodzi m'dzanja la munthu ali yense.

Ambiri a inu mudzapita kukayesa uphunzitsi m'masukulu a ku Nkolokosa, Chitawira ndi Zingwangwa. Mwana amene mudzamphunzitsa kumeneko analimva kale liuli asanaponde pakhomo pa sukulu. Wina amagona m'kanyumba ka kuseri kamene anthu amakatcha boyizikota. Wina atate ake, munthu wa imvi, ndi gadeniboyi ku Namiwawa kapena ku Sunnyside. Tikamlembera mwana wotere pa bolodi kuti "boy" ndiye mnyamata, kodi tamuuza kuti atate ake ndani? Funso limeneli ndilo latikakamiza kulondola mapazi a liu ili kufikira kumene linachokera.

Chiyambi chake

Angerezi akale, amene analipo asanafike ankhondo a ku Normandy m'chaka cha 1066, potchula mwana wamwamuna ankati "cnafa" kapena "cniht". Liu la "boy" liyamba kuoneka m'zolembedwa zao chapafupi ndi chaka cha 1300, ndipo chodabwitsa nchakuti tanthauzo lake loyamba silinali la mwana ai. Linali la munthu wanchito, munthu wapansi wopanda dzina, ndipo kawirikawiri linali chitonzo. Tanthauzo la mwana wamwamuna linakhazikika pambuyo pake. Kotero m'mbiri ya liu limeneli wanchito ndiye mkulu, ndipo mwana ndiye mng'ono wake.

Za muzu wake weniweni akatswiri sanamvanebe. M'chaka cha 1940 E. J. Dobson analemba kuti "boy" linachokera ku liu la Chifalansa chakale lotanthauza munthu womangidwa m'maunyolo, ndi kuti liu la Chifalansalo linachokera ku "boia" la Chilatini, ndilo goli kapena chingwe cha m'khosi. Ena amaliyang'ana kwina. Iwo amati kunali kale dzina la munthu lakuti Boia Chifalansa chisanalowe m'England, ndiponso kuti kutsidya kwa nyanja kuli mau ofanana nalo, monga "boi" la anthu a ku Friesland ndi "Bube" la Ajeremani. Anatoly Liberman, m'buku lake la 2008, anaganiza kuti mau awiri anasanganikirana: lina la chibwana lotchulira mbale, ndi lina loopsezera lotchulira mzimu woipa.

Maganizo a Dobson ngokopa mtima, makamaka kwa ife amene makolo athu anadziwa goli la ukapolo ndi kuitanidwa kuti "boy" komwe. Koma kukoma kwa nkhani sindiko umboni wake. Mphunzitsi amene adzaima pamaso pa ana nanena kuti "boy" ndiye kapolo wa m'maunyolo, monga ngati nchinthu chotsimikizika, adzakhala atachita zimene amachita aja ophunzitsa kuti "boma" ndi malembo oyamba a mau anai a Chingerezi, pamene liulo ndi la Chiswahili lotanthauza linga kapena mpanda. Ndiponso ngakhale Dobson akhale kuti analondola, sikuti mlandu watha. Muzu wa liu suweruza tanthauzo lake la lero. Mai wa ku London amene atcha khanda lake "boy" saganiza za maunyolo konse.

Anzake a paulendo

Kuti timvetse bwino, tiyeni tione zimene zinagwera mau awiri aja amene "boy" linawalanda malo. Onse awiri anayamba ndi tanthauzo la mwana wamwamuna, ndipo onse awiri anafika pa tanthauzo la wanchito. Pamenepo njira zao zinalekana. "Cniht" anali wotumikira mfumu pa nkhondo; ulemu wa mfumu unamgwera, ndipo lero liulo ndi "knight", munthu amene dzina lake limayamba ndi "Sir". "Cnafa" anali wotumikira m'khichini ndi m'khola. Kunyozeka kwa malowo kunamgwera, ndipo liulo linasanduka "knave", ndiko kuti tambwali. Ana a mimba imodzi, wina wakwera kunyumba ya mfumu, wina watsikira kwa akuba. Chimene chinawalekanitsa ndicho malo amene eni dzinalo anali kuima pakati pa anthu.

Kusanganiza mwana ndi wanchito si khalidwe la Chingerezi chokha. Agriki anali ndi "pais", Aroma anali ndi "puer", ndipo Afalansa kwa nthawi yaitali ankaitana woperekera zakudya m'hotela kuti "garçon". Mau onsewa amatchula mwana wamwamuna ndi wotumikira yemwe. Chifukwa chake nchoonekera: m'nyumba ya munthu wamphamvu, mwana ndi wanchito amafanana pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti onse amatumidwa ndipo sayankha.

Mphamvu ya liuli yopweteka munthu wamkulu inadziwika ku England Angerezi asanaone Afrika wa kuno. M'sewero la Shakespeare lotchedwa Coriolanus, lolembedwa chapafupi ndi chaka cha 1608, kazembe wa nkhondo apirira maina ena oipa, koma mdani wake atamutcha "boy" pamaso pa anthu, mtima wake uphulika, nayamba kudzitama za nkhondo zake pakati pa adani, ndipo amupha pomwepo. Oonera seweroli sanafune wowamasulira; anadziwa kuti kutcha mwamuna wamkulu mwana ndiko kumbvula chikhalidwe chake.

Kufika kwake kuno

Liuli linayenda ndi zombo za amalonda. Ku India ndi ku China Angerezi ankaitana anchito ao a m'nyumba kuti "boy" kuyambira m'zaka za m'ma 1600. Henry Yule ndi A. C. Burnell, m'buku lao la mau a Angerezi a ku India lotchedwa Hobson-Jobson, la 1886, anaonetsa kuti kumwera kwa India kunali kale anthu onyamula machira otchedwa "boyi" m'chinenero cha Chitelugu, kotero kuti mau awiri osiyana mizu anakomana m'khutu la Mngerezi. Pamene Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa m'chaka cha 1876, ndi kampani ya Mandala m'chaka cha 1878, liuli linali litazolowera kale nchito yake m'maiko olamulidwa ndi Azungu.

Kuno linabala ana ambiri. Wophika, wokonza m'nyumba, wolima maluwa, wotumidwa ndi makalata, onse analandira "boy" kumapeto kwa dzina la nchito yao. John Chilembwe, pamene analowa nchito kwa Joseph Booth m'chaka cha 1892, anali munthu wa zaka ngati 20, ndipo olemba mbiri amati anali "house-boy". Munthu yemweyo anapita ku America m'chaka cha 1897, nabwera m'chaka cha 1900 ali mbusa wodzozedwa, namanga mishoni yake ku Mbombwe. Amuna a dziko lino amene anapita ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ndi ku Johannesburg, kumene makolo athu ankati ku Joni, anatchuka ndi luso la kuphika, koma kumenekonso dzina lao linali lomweli. M'migodi ya golide munthu wakuda woyang'anira anzake ankamutcha "boss boy": bwana ndi mwana m'dzina limodzi, kuti angaiwale kuti ubwana wake uli ndi malire.

Tisayese kuti ichi chinali chizolowezi chabe cha pakamwa. Liuli linali kugwira nchito zitatu. Poyamba, linachotsa dzina la munthu, pakuti wolemba nchito sanafunikenso kuphunzira kuti uyu ndi Phiri kapena Mbewe. Aliyense wobvala yunifolomu yoyera anali "boy". Kachiwiri, linachotsa msinkhu wake, ndipo munthu amene ayesedwa mwana salandira malipiro oti adyetse banja. Kachitatu, linachotsa mau ake, pakuti mwana salankhula pa bwalo la akulu. Nyumba za ku Mandala, Sunnyside ndi Nyambadwe zinamangidwa monga mwa maganizo omwewa: nyumba yaikulu kutsogolo, ndi timazipinda kuseri, pafupi kuti munthu amve kuitana, koma pobisika kuti alendo asamuone.

M'kamwa mwathu

Chinenero chikabwereka liu, sichibwereka matanthauzo ake onse. Chimatenga lokhalo limene chikulisowa. Ife tinali naye kale mnyamata, kotero sitinasowe liu lina la mwana wamwamuna. Palibe mai amene atachira anatumiza uthenga kumudzi kuti kwabadwa boyi. Chimene tinatenga ndi tanthauzo la wanchito wa m'nyumba ya mwini ndalama, pakuti nchito imeneyo inali yachilendo pakati pathu. Ndipo tinalibveka zobvala za kwathu: monga mfumu ibala ufumu, ndi kapolo abala ukapolo, boyi anabala uboyi. Apa mndandanda uja wa pa bolodi waonekera kuperewera kwake. "Boy" ndi boyi ali ngati munthu ndi mdzukulu wake. Nkhope zifanana, koma si munthu mmodzi.

Nkolokosa itiphunzitsa kusintha kwina. Nyumba zambiri za kumeneko zinamangidwa ndi bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linayamba nchito yake m'chaka cha 1964, ndipo zinamangidwira anthu a dziko lino ogwira nchito m'tauni. Koma pamene anthu anachuluka mu mzinda ndi nyumba zinasowa, ambiri anamanga timanyumba kuseri kwa nyumba zao, ndipo dzina limene anatipatsa ndi lakale lomwe lija, boyizikota. Wokhalamo si boyi wa munthu. Ndi wophunzira wa pa koleji, kapena namwino, kapena banja latsopano, ndipo amalipira lendi mwezi ndi mwezi. Kapena ena a inu nyumba yanu yoyamba idzakhala yotere, ndipo simudzachita nayo manyazi. Liu latsala, koma ululu wake wachokamo, monga chikopa cha njoka chotsala panjira.

Kwinanso liuli lakwera ndithu. Pa sukulu "head boy" ndi udindo umene makolo amanyadira, ndipo achinyamata akamatchana maboyizi amatchana mwachikondi. Koma pa malo okwerera minibasi ku Limbe amuna oitanira anthu, ambiri a iwo eni mabanja, nyuzipepala za Chingerezi zimawatchabe "call boys", ndipo wolima maluwa akali gadeniboyi ngakhale ali ndi zidzukulu. Taonani tsono: liu limodzi, mu mzinda umodzi, tsiku limodzi, liri ulemu pa sukulu, liri chikondi pa bwalo la mpira, liribe kanthu pa nkhani ya lendi, ndipo liri chitonzo pa geti la nyumba ya munthu wolemera.

Phunziro la 1964

Kuti liu lotere lingathe kulemera pa nkhani za dziko, mbiri yathu yomwe ichitira umboni. Dr Hastings Kamuzu Banda, atabwera kuno pa 6 July 1958, anazolowera kutchula atsogoleri anzake m'misonkhano kuti "my boys". Iye anali wamkulu kwa iwo ndi zaka zambiri, ndipo m'khutu la munthu wa kumudzi, mkulu wonena kuti anyamata anga salakwa. Koma anthu amene ankatchedwa chotero anali nduna za boma. Orton Chirwa, wobadwa m'chaka cha 1919, anali loya wophunzira ku London ndiponso woyambitsa chipani cha Malawi Congress m'chaka cha 1959. Iwo anakulira m'dziko limene "boy" linali dzina la munthu wakuda ali yense pamaso pa Mzungu, ndipo tsono analimva kuchokera kwa mtsogoleri wao.

M'mwezi wa September 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, Dr Banda anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere, amene anali nduna ya maphunziro, anatula pansi maudindo ao. Kungakhale kunama kunena kuti liu limodzi ndilo linapasula nduna. Panali nkhani zazikulu: tiki yolipira kuchipatala, malipiro a anchito a boma, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndi kuchedwa kupereka maudindo kwa eni dziko. Koma pansi pa zonsezi panali dandaulo limodzi, lakuti iwo sanayesedwe akulu oti nkufunsidwa nzeru, ndipo liu lija linali kunena poyera chimene chinali kuchitika m'chipinda. Wolankhula analimva monga atate. Omvera analimva monga anchito.

Ku America nkhani yomweyi inafika m'bwalo la milandu. Amuna awiri akuda, ogwira nchito m'fakitale ya nkhuku ku Alabama, anadandaula kuti anamanidwa ukulu chifukwa cha khungu lao, ndipo umboni wina unali wakuti woyang'anira wao ankawaitana kuti "boy". Bwalo laling'ono linati liulo pa lokha liribe choipa. Koma m'chaka cha 2006 Bwalo Lalikulu la dzikolo linakana maganizo amenewo, niliti tanthauzo la liu lotere liyenera kuyesedwa poona malo amene linanenedwa, kamvekedwe ka mau, chizolowezi cha dera, ndi mbiri ya liulo. Oweruza anafika pamene wophunzira chinenero afika: tanthauzo silikhala m'malembo atatu aja, koma pakati pa wonena ndi womva.

Nanga mnyamata?

Nkosabvuta kuloza chala Chingerezi ndi kuyesa kuti chinenero chathu nchoyera. Koma anyani sasekana zikundu. Liu lathu la mnyamata lidwala nthenda yomweyo. Anyamata a mfumu sakhala ana. Mwini sitolo akati mnyamata wanga, kawirikawiri anena munthu womgulitsira katundu, ngakhale akhale wamkulu kwa iye. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anaona ichi, ndipo m'nkhani ya kenturiyo wa ku Kapernao, pamene Chigriki chiri ndi "pais", iwo anaika mnyamata. Chomwechonso Gehazi, wotumikira Elisa, anamutcha mnyamata. Anasankha bwino, chifukwa liu lathu linali nao kale matanthauzo onse awiri. Choncho Azungu sanatiphunzitse kusanganiza mwana ndi wanchito. Chatsopano chimene anadza nacho ndicho kupereka dzinalo kwa mtundu wonse wa anthu, monga mwa khungu, kuyambira mwana kufikira nkhalamba.

Pali chinanso chimene mndandanda wa pa bolodi sungathe kuonetsa. Tiyese kuti mkazi wa bwana waima pakhonde, naitana wophika wa zaka 60 kuti, "Boy!" Kodi tidzamasulira bwanji? Tikati "Mnyamata!" sitinamasulire kanthu, pakuti Mchewa saitana chotero. Chichewa chake chenicheni ndi "Iwe!" Chingerezi chinali nao kale mau awiri, "thou" la mmodzi ndi la wapansi, ndi "you" la ambiri ndi la ulemu, koma "thou" linafa m'kulankhula kwa masiku onse m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, ndipo "you" linatsala lokha kwa mfumu ndi kwa kapolo. Pokhala opanda iwe, olankhula Chingerezi amaonetsa kupeputsa ndi mau ena, ndipo "boy" ndi limodzi la iwo. Ife iwe tiri naye, ndi inu tiri naye, ndi "a" uja wa ulemu amene timaika patsogolo pa dzina. Munthu angathe kuleka "boy" moyo wake wonse, koma akaitana mlonda wokalamba kuti iwe, wanena chinthu chomwecho m'chinenero cha amake.

Chimene mphunzitsi achite

Sindinena kuti tichotse liuli m'mabuku a ana. Kutero kungakhale kutentha nkhokwe chifukwa cha khoswe. M'makalasi oyamba phunzitsani kuti "boy" ndi mwana wamwamuna, ndipo ndi bwino kunena chomwecho, mwana wamwamuna, kusiyana ndi kungoti mnyamata, pakuti mnyamata afika kutali kuposa pamene "boy" ayenera kufika. Koma ana akafika m'makalasi apamwamba, musawasiye ndi theka la choonadi. Afunseni mau onse a m'dera lao amene muli "boy", muwalembe pa bolodi, ndipo pa liu liri lonse mufunse mafunso atatu: anena ndani, anena kwa yani, ndipo womvayo ali wa msinkhu wanji? Ana a ku Nkolokosa adzakupatsani zitsanzo zoposa za m'buku. Kenaka aphunzitseni maina oyenera a nchito zimenezi, "gardener", "cook" ndi "messenger", ndi m'Chichewa wosamala maluwa, wophika ndi mtumiki, kuti adziwe kuti nchito iri ndi dzina lake losachepsa mwini.

Chenjerani ndi mwana uja amene atate ake ali pa nchito yotere. Phunziro lisasanduke bwalo lomuonetsera kwa anzake. Ndipo koposa zonse kumbukirani kuti ana amaphunzira ulemu wa mau poona m'mene inu mulankhulira ndi mlonda wa pa sukulu, ndi amai ophika phala, ndi kholo losabvala nsapato lodzafunsa za mwana wake. Mukawatchula maina ao ndi "a" patsogolo, ndi kuwayankha kuti inu, mwaphunzitsa tanthauzo la "boy" koposa mabuku onse otanthauzira mau. M'mera mpoyamba: chimene mwana adzamva m'kamwa mwanu ali ndi zaka 7, ndicho adzanena kwa wanchito wake ali ndi zaka 40.